Kalata yotseguka kwa mabwana: tipatseni usiku umodzi pamwezi woti tikonze seva ya imelo

Kwa akuluakulu a makampani, mabungwe ndi maofesi amene ali ndi seva yawoyawo ya imelo,

Ndikulemba kalatayi ndine mmodzi wa anthu amene mumatiimbira foni imelo ikasiya kulowa. Ndasamalirako maseva, makompyuta amene amalandira, kusunga ndi kutumiza imelo, m'maofesi angapo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo pafupifupi kulikonse ndikapempha kuti ndizimitse seva kwa maola ochepa, yankho limakhala lomwelo: "Achimwene, musaigwire, ikuyenda bwinobwino." Mawu amenewa ndawamva kwa mabwana abwino mtima, olipira antchito pa nthawi yake, osafuna kuti chinthu chiwonongeke. Nchifukwa chake ndaona kuti ndibwino ndifotokoze poyera, mwaulemu, chimene chimachitika m'kati mwa seva imene "ikuyenda bwinobwino".

Pempho langa ndi limodzi. Tipatseni usiku umodzi mwezi uliwonse, maola atatu kapena anayi, olembedwa pa kalendala ya kampani ndipo osainidwa ndi inuyo, oti tizizimitsa seva ya imelo n'kuikamo zigamba zimene opanga pulogalamu atulutsa. Pantchito timangoti ma update kapena ma patch, koma mawu oti chigamba ndi oyenera ndithu, chifukwa ntchito yake ndi ya telala yomwe ija: kutseka pamene pang'ambika. Zigambazo sitigula. Bola pulogalamu ikhale kuti eni ake akuisamalirabe, amazipereka ulere. Chimene chimasowa ndi chilolezo chanu.

Seva ya imelo ndi yosiyana ndi makina ena onse a muofesi. Seva ya malipiro tingathe kuibisa m'kati, osaoneka kunja. Ya imelo siingabisike. Iyenera kuima pakhomo usana ndi usiku, kulandira makalata kuchokera kwa aliyense padziko lapansi, komanso kukutsegulirani inuyo mukafuna kuwerenga pa foni muli pa bwalo la ndege la Chileka kapena muli ku msonkhano ku Johannesburg. Khomo limene mumalowera inulo, wina aliyense wa pa intaneti akhoza kugogodapo. Ndipo kuseri kwa khomolo kuli makontirakiti, makalata a ku banki, mapepala a malipiro a antchito, zithunzi za ziphaso za unzika zimene a HR anapempha, ndi makalata osinthira mapasiwedi a malo ena onse. Ngati mumagwiritsa ntchito Microsoft Exchange, pulogalamu ya Microsoft yoyendetsera seva ya imelo, sevayo ndi yolumikizana kwambiri ndi Active Directory, kaundula amene amasunga dzina ndi mphamvu za aliyense pa netiweki yanu. Wolanda Exchange nthawi zambiri amakhala wafika pafupi ndi makiyi a nyumba yonse.

Pa 2 Malichi 2021, Microsoft inatulutsa zigamba zadzidzidzi za Exchange Server, osadikira tsiku lake la mwezi ndi mwezi. Panali mabowo anayi, ndipo lalikulu mwa iwo ndi limene linatchuka ndi dzina loti ProxyLogon. Powalumikiza mabowowo, munthu wopanda pasiwedi iliyonse ankatha kulankhula ndi seva ngati kuti iyeyo ndi sevayo, n'kulembamo kafayilo kake. Microsoft inati gulu limene inalitcha Hafnium, lochokera ku China, linali litayamba kale kulowera pamenepo. Chigamba chitangolengezedwa, zinthu zinafika poipa m'malo mochepa. Kampani ya ESET, yoona za chitetezo cha makompyuta, inapeza kuti pasanathe masiku khumi magulu osachepera 10 anali akugwiritsa ntchito mabowo omwewo. Malipoti a nthawiyo anati mabungwe osachepera 30,000 analowedwa ku America kokha. Nyumba ya malamulo ya ku Norway inalowedwa, European Banking Authority nayo inazimitsa imelo yake. Mu Epulo chaka chomwecho, FBI inachita kutenga chilolezo cha khoti kuti ilowe yokha m'maseva mazanamazana a eni ake n'kuchotsamo timafayilo ta akuba, chifukwa eni akewo sanadziwe n'komwe kuti tilimo.

Pamenepa pali mfundo imene ndimavutika kwambiri kuifotokoza m'misonkhano ya mabwana. Tsiku limene chigamba chatuluka ndi tsiku limene ngozi yakula. Akuba amachitenga chigambacho, amachiyerekeza ndi pulogalamu yakale, n'kuona bwinobwino pamene panali pong'ambika. Akatero amatumiza makina awo kuti azigogoda pa adiresi iliyonse ya pa intaneti, imodzi ndi imodzi. Makinawo sadziwa kuti Limbe ili kuti, ndiponso safunsa ngati kampani yanu ndi yaing'ono. Amangofunsa funso limodzi: kodi seva iyi ili ndi chigamba? Ena mwa inu mumati, "Ife ndife ndani kuti a kunja atifune?" Palibe amene anakusankhani. Analowa chifukwa chitseko chinatseguka.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga, pa kampani ina imene sinditchula dzina. Seva yawo inali m'kachipinda kamene kanali sitolo kale, pambali pa makatoni a mafayilo akale ndi chidebe cholandirira madzi odontha kuchokera mu air conditioner. M'sabata yoyamba ya Malichi 2021 ndinapempha kuti ndiizimitse. Anandiuza kuti ndidikire, ma auditor ali m'nyumba, makalata sangaime. Ndinapempha kachiwiri, anati sabata ya mawa. Pamene anandilola, ndinakhala usiku wonse m'kachipindako, chigamba chinalowa bwino, ndipo m'bandakucha ndinati ndiyang'ane m'mafoda ndisanapite kukagona. M'foda ina yotchedwa aspnet_client, imene kawirikawiri imakhala yopanda kanthu koti munthu angakaonere, ndinapeza kafayilo kamodzi ka dzina la zilembo zosokonekera, kothera ndi .aspx. Nditakatsegula munali mzere umodzi wokha wa malamulo. Tsiku limene kanalembedwa linali m'kati mwa masiku amene ndinauzidwa kuti ndidikire. Thukuta linandituluka ngakhale m'chipindamo munali mozizira. Kamzere kamodziko kanali khomo lakuseri, ndipo chigamba chimene ndinali nditangoika sichikanakachotsa. Chigamba chimatseka bowo, koma mbava imene inalowa kale imatsalira m'nyumba.

Tinatha masabata tikusesa. Mapasiwedi a aliyense tinasintha, seva tinaimanganso kuyambira pansi. M'bokosi la makalata la mayi wina wa ku accounts tinapezamo lamulo limene iwo sanaike: kalata iliyonse yokhala ndi mawu oti invoice izipita mwakachetechete ku adiresi ina yakunja. Patapita masiku ochepa mayiwo analandira kalata yooneka ngati yochokera kwa wogulitsa katundu amene akhala akuchita naye malonda kwa zaka zambiri. Inali yoyankha pa makalata enieni amene ankalemberana, chizindikiro cha kampani chili pomwepo, ndalama yake yolondola mpaka tambala. Chosintha chinali nambala ya akaunti ya ku banki basi. Chimene chinawapulumutsa n'chakuti bambo wa ku kampani inayo sayamba kalata osafunsa za kunyumba ndi ana, ndipo kalata iyi inangolunjika pa ndalama. Anatenga foni n'kumuimbira. Ndimawalemekeza mayi amenewo mpaka lero, koma si bwino kuti chuma cha kampani chiziima pa moni wa munthu mmodzi.

Musaganize kuti izi ndi za makampani ang'onoang'ono osowa akatswiri. Bungwe loyendetsa zisankho ku Britain, Electoral Commission, linalowedwa mu Ogasiti 2021 kudzera pa seva ya Exchange, pa mabowo otchedwa ProxyShell. Zigamba zake zinali zitatuluka kale mu Epulo ndi Meyi chaka chomwecho, koma sizinaikidwe. Akubawo anakhalamo osadziwika mpaka Okutobala 2022, kupitirira chaka chathunthu, ali ndi mwayi woona mayina ndi maadiresi a anthu pafupifupi 40 miliyoni a m'kaundula wa zisankho. Nthawi yonseyo imelo inkalowa ndi kutuluka ngati kale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Julayi 2024 ofesi yoona za chinsinsi cha anthu m'dzikolo, ICO, inadzudzula bungwelo poyera, ndipo amene anadzudzulidwa ndi bungwe lonse, osati mnyamata wa IT.

Tsopano ndinene chilungamo pa mbali imene mumaopa, chifukwa mantha anu ali ndi maziko. Zigamba nthawi zina zimaswa zinthu. Mu Malichi 2021 momwemo, anzathu ambiri amene anangodina kawiri pa fayilo ya chigamba osaitsegula ndi mphamvu za administrator anapeza tsamba lowerengera imelo litafa. Pa 1 Januwale 2022, maseva a Exchange 2016 ndi 2019 padziko lonse anasiya kupereka makalata chifukwa cha nambala yoimira tsiku. Pulogalamu yofufuza mavairasi inalandira nambala 2201010001, pamene malo osungira nambalayo amathera pa 2147483647, ndipo makalata anangounjikana pamzere anthu ali pa chikondwerero cha chaka chatsopano. Choncho mukamati "ikagwiridwa iwonongeka", si bodza lenileni. Koma yankho la mantha amenewa ndi kukonzekera. Tisanaike chigamba tiyenera kukhala ndi backup, kope la zonse za mu seva losungidwa padera, imene tinaiyesapo kubwezeretsa, osati imene tikungokhulupirira kuti ilipo. Tiyenera kukhala ndi nthawi yokwanira yobwerera m'mbuyo zikavuta. Ndipo kuno kwathu tiyenera kukhala ndi magetsi. Cumulative Update ya Exchange, chigamba chachikulu chophatikiza zokonza zonse zam'mbuyo, ikhoza kutenga ola limodzi kapena awiri, ndipo magetsi akazima ili pakati, UPS, makina osunga magetsi a kanthawi, ili ndi mabatire otha amene amangolira mphindi zitatu n'kuzima, sevayo siidzukanso bwino. Ndikamapempha mabatire atsopano a UPS ndi dizilo wa jenereta wa usiku umodzi, ndikupempha mbali ya chigamba chomwecho.

Kuzengereza kulinso ndi chiwongoladzanja chake, ngati katapila. Microsoft imatulutsa zigamba za chitetezo pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi, zimafika cha m'ma 7 kapena 8 koloko madzulo nthawi ya kuno, ndipo za Exchange zimapangidwira ma Cumulative Update atsopano okha. Seva imene yatsalira m'mbuyo ndi zaka ziwiri siingalandire chigamba cha lero mwachindunji. Choyamba tiyenera kuikweza, mwina kukonzanso mapulogalamu ena amene imadalira ndi Active Directory, ndiye kenako chigambacho. Ntchito imene ikanakhala ya ola limodzi imasanduka ya sabata yathunthu, ndipo imadzafunika pa tsiku limene dziko lonse likuyaka moto, akuba ali kale pakhomo. Amene ankaika zigamba mwezi ndi mwezi anatseka ProxyLogon usiku umodzi. Otsalira m'mbuyo ndi amene anagona m'maofesi.

Pali nkhani ina yolemera kuposa imeneyi. Exchange 2013 inasiya kulandira zigamba pa 11 Epulo 2023. Exchange 2016 ndi 2019 zinafika pa mapeto a chisamaliro chake pa 14 Okutobala 2025. Ngati seva yanu ndi imodzi mwa zimenezi, funsani wa IT wanu lero lomwe kuti zigamba akuzitenga kuti, chifukwa njira ya masiku onse inatsekedwa. Ndikudziwa kuti malaisensi amagulidwa ndi madola, ndipo ndikudziwa mmene zimavutira kupeza ndalama zakunja ku banki. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabajeti a IT ndi amene anayamba kudulidwa m'malo ambiri. Sindikupeputsa zimenezo. Koma chisankho chiyenera kupangidwa ndi inu, pa tebulo la board, chilembedwe m'maminitsi: kaya mukwera kupita ku Exchange Server Subscription Edition imene inatuluka mu 2025, kaya musamukira ku Microsoft 365 kapena Google Workspace, kaya mutenga pulogalamu ina yotsika mtengo. Chimene chikuchitika panopa m'maofesi ambiri n'chakuti palibe amene wasankha kanthu, seva yakale ikungoyaka, ndipo wa IT akunyamula yekha katundu amene sanapatsidwe mphamvu yomutula.

Amene muli pa Zimbra, pulogalamu ina ya seva ya imelo, musapume poganiza kuti izi ndi za Microsoft zokha. Mu 2022 Zimbra inapezeka ndi mabowo angapo amene akuba anawagwiritsa ntchito kwambiri, limodzi mwa iwo loti kalata yokhala ndi fayilo yokonzedwa mwaukathyali inkangofika pa seva n'kulembamo khomo lakuseri, popanda munthu kudina chilichonse. Mu 2023 kampani ya Barracuda, imene imagulitsa makina osefa imelo, inauza makasitomala ake amene analowedwa kuti makinawo angowachotsa n'kuika ena, chifukwa chigamba chokha sichikanakwanira. Ngakhale kupereka imelo yanu m'manja mwa kampani ina sikuchotsa udindo wofunsa mafunso. Pa 2 Disembala 2022 ntchito ya Hosted Exchange ya kampani ya Rackspace inagwa ndi ransomware, pulogalamu yotseka mafayilo kuti eni ake alipire dipo, ya gulu lotchedwa Play. Chigamba chotseka bowolo chinali chitatuluka mu Novembala, koma iwo ankadalira njira yongotchingira kwa kanthawi. Makasitomala anakhala opanda imelo, ndipo pamapeto pake kampaniyo inaitsekeratu ntchitoyo.

Kwa amene munasamukira kale ku cloud, monga Microsoft 365 kapena Google Workspace, ndili ndi funso limodzi: seva yakale ija ili kuti? M'maofesi angapo ndaipeza ikuyakabe pakona, yolumikizidwa ku intaneti, chifukwa makina osindikizira amatumizira ma scan kudzera pa iyo, kapena chifukwa amene anasamutsa makalata anachoka ntchito osauza aliyense kuti izimitsidwe. Seva yoiwalika ndi yoopsa kuposa ina iliyonse, popeza palibe amene amaiyang'ana.

Tsiku limene imelo yagwa, ntchito siima. Antchito amasamukira pa WhatsApp ndi pa ma Gmail awoawo. Makontirakiti amayamba kuyenda pa mafoni a anthu, m'magulu amene muli ena oti anasiya ntchito chaka chatha, ndipo zimene zalowa mmenemo simudzazibwezanso. Kuzimitsa kwa maola anayi kokonzekera, Lachisanu usiku, aliyense atauzidwa, sikubweretsa chisokonezo chimenechi. Kugwa kwa masabata awiri kosakonzekera kumachibweretsa.

Malamulo a dziko lathu nawonso sali chete. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndi limene linakhazikitsa Malawi CERT, gulu lothana ndi ngozi za pa makompyuta, pansi pa MACRA, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 limaika udindo woteteza zinsinsi za anthu pa amene akuzisunga. Amene akusunga zinsinsi za antchito anu ndi makasitomala anu ndi kampani, ndipo amene amayendetsa kampani ndi inu. Namwino amene anatumiza chithunzi cha chiphaso chake pofunsira ntchito, mlimi amene nambala yake ya foni ili pa mndandanda wa olandira thandizo ku bungwe lanu, sanakhalepo pa msonkhano umene munagwirizana kuti chigamba chidikire. Amakhulupirira kuti zimene anakupatsani mukuzisamala.

Ndipemphenso za anthu. M'maofesi ambiri wa IT ndi mmodzi. Ndi yemweyo wokonza makina osindikizira, wolumikiza projector pa msonkhano, woika pasiwedi ya WiFi pa foni ya mlendo, ndipo madzulo ndi amene tikuyembekeza kuti awerenge zidziwitso za chitetezo n'kuzimvetsa. Akadwala kapena akapita ku maliro kumudzi, palibe amene akudziwa ngakhale pasiwedi ya seva. Ngati muli ndi kontirakiti ndi kampani yakunja yokuthandizani, itsegulani muwerenge. Mawu oti support kawirikawiri amatanthauza kuti adzabwera zinthu zikawonongeka. Ngati simunalembemo kuti aziika zigamba pasanathe masiku akutiakuti chitulukireni, ndi kukupatsani lipoti, ndiye kuti ntchitoyo ilibe mwini, aliyense akuganiza kuti mnzake akuichita. Microsoft ili ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa Health Checker kamene kamaonetsa pa tsamba limodzi ngati Exchange yatsalira m'mbuyo. Simufunika kumvetsa mzere uliwonse. Pemphani kuti tsambalo lizibwera pa desiki panu mwezi uliwonse, ndipo mukaona zofiira mufunse kuti zichoka liti.

Chomaliza chimene ndikupempha ndi mphamvu ya pa ngozi. Chigamba chadzidzidzi ngati cha pa 2 Malichi 2021 chikadzatulukanso, wa IT wanu akhale ndi kalata yosainidwa kale yomulola kuzimitsa seva usiku womwewo, kapena kutseka khomo lake lakunja pa firewall, popanda kudikira kuti bwana abwere ku ulendo kapena kuti komiti ikumane Lolemba. Akalakwitsa, mwataya maola ochepa a imelo. Masiku amene ndinadikira pa kampani ija ndimawakumbukirabe, ndipo ndimadzifunsa ngati ndikanalimbikira kwambiri ndikanakhala ndi pepala lotere m'manja.

Lachiwiri lachiwiri la mwezi ukubwerawu zigamba zidzatuluka monga mwa nthawi zonse. Lachitatu m'mawa wa IT wanu adzabwera ndi kapepala kopempha Lachisanu usiku, kuyambira 9 koloko. Chonde kasaineni. Uzani antchito kuti imelo idzaima usiku umenewo, a ku stores atulutse dizilo wa jenereta, ndipo alonda a pageti adziwe kuti mnyamatayo adzatuluka mochedwa.

Ine wanu pa ntchito,
Mmodzi wa osamalira maseva, Blantyre